Ulendo wa ku Culpeper: Kumene Mafilimu Akale Amagona Mozizira

Gulu lathu la okonda mafilimu akale lidanyamuka m'mamawa ku Washington, ulendo wa makilomita pafupifupi 120, kupita ku Culpeper m'chigawo cha Virginia, kumene Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, imasungira mafilimu. Nyumbayi idalowa m'mimba mwa phiri, ndipo kale inali nkhokwe ya ndalama za Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo. Tinkafuna kudziwa malo a anthu akuda m'mafilimu oopsa oyambirira.

Analimo ndithu, koma kuseri kwa azungu. Taonani Noble Johnson, wosewera wachikuda: mu 1932 adasewera ngati wantchito wa ku Nubia, dera la ku Africa, mu The Mummy, chaka chotsatira n'kukhala mfumu ya pachilumba mu King Kong. Komatu munthu yemweyu ndi amene adayambitsa Lincoln Motion Picture Company mu 1916, kuti akuda azioneka pakanema ngati anthu aulemu wawo. Mafilimu awiri aja, a makampani a Universal ndi RKO, alipo mpaka lero chifukwa ankabweretsabe ndalama. Pa zonse za Lincoln, chatsala ndi kachidutswa ka By Right of Birth ya 1921.

Chidawadya ndi nitrate, imene ankapangira filimu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Ikagwira moto siizima ngakhale muimize m'madzi, poti imadzipatsa yokha mpweya woyakira. Ikakhala potentha imaola pang'onopang'ono: chithunzi chimayamba kufuwirira, filimu n'kumamata, kenako imatulutsa thovu ngati uchi, pomaliza ufa wofiirira basi. Ikafika pa thovu palibenso chopulumutsa. N'chifukwa chake ku Culpeper kuli zipinda 124 za nitrate yokhayokha, kuzizira kwake madigiri 4, chinyezi cha 30 peresenti. Chitini chikatuluka m'menemo sachitsegula msanga. Amachisiya chizolowere kaye, apo ayi mame amagwa pafilimu. Makampani ang'onoang'ono a akuda akadazitenga kuti ndalama zosamalira chonchi?

Filimu ina yoopsa ya akuda idapulumuka: Son of Ingagi ya 1940, imene nkhani yake adalemba Spencer Williams, osewera onse akuda. Chilombo chake sichiopsa kwenikweni, tisanamizane. Koma wasayansi amene akuchiweta m'chipinda chapansi ndi mayi wachikuda, Dr. Helen Jackson, ndipo adamusewera ndi Laura Bowman.