Sabata ya X5: mawu atsopano, mkati momwemuja

Pa ntchito yanga yoika mawailesi ndi masipika m'magalimoto, makasitomala ambiri amafuna kuti anthu a kutsidya la msewu amve kuti afika. Amenewa ndimawakhomera bokosi la sabu (sipika yaikulu ya bezi), kuliika m'buti, iwo n'kumapita akusangalala, ndipo ndimawalemekeza poti ndiwo amandilipirira lendi ya garaja. Koma alipo ena ochepa amene amafuna nyimbo zimveke bwino kwa iwo eni ali pa chiwongolero, ndipo safuna kuona waya ngakhale mmodzi. Sabata yathayi inathera pa galimoto ya munthu wotere.

Inali BMW X5 ya mtundu wa F15, ija inkapangidwa ku Spartanburg ku America kuyambira 2013 mpaka 2018. Mwini wake, mayi wina wogula ndi kugulitsa mbewu, anali atabwera nayo kale mwezi watha pagaraja yathu kuno ku Lilongwe kudzafunsa mtengo.

"Bambo, ine ndimakhalira pamsewu wa Kasungu. Nyimbo zikumveka mobanika, ndipo mbali ya kwanga kuno kukumveka kukhwekhwereza. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musaboole, musadule, musamate kanthu poonekera. M'butimo ndimanyamuliramo katundu."

"Mayi, mukadzabwera kudzaitenga, maso anu sadzapeza pamene tagwira."

Tsiku limenelo sindinakhudze sikuludiraiva. Ndinalemba nambala ya chesisi n'kukafufuza zimene fakitale inaikamo. BMW imapereka nambala kwa chipangizo chilichonse chapadera chimene yaika m'galimoto, ndipo pa nkhani ya nyimbo ndimayang'ana kaye ziwiri: 676 ndi 688. Ikakhala 688 ndiye kuti muli Harman Kardon, ndipo nyimbo zimachoka pa wailesi kupita ku ampu (kabokosi kopatsa mawu mphamvu asanafike ku masipika) kudzera m'kawaya ka fibre, kodutsa kuwala osati magetsi. Kawaya kameneko kamalumikiza zipangizo zingapo mozungulira, moti ukangozula pamodzi, zonse zimakhala chete. Ikakhala 676, imene amaitcha HiFi, ampu imalandira nyimbo pa mawaya wamba, ndipo ntchito imapepuka. Ya mayiwa inali 676: masipika 9 ndi kaampu kobisika kuseri kwa khoma la kumanzere m'buti.

Ndinaitanitsa ampu ya Match UP 7BMW, imene kampani ya ku Germany ya Audiotec Fischer inapangira dala magalimoto a 676 amenewa, pamodzi ndi masipika a m'zitseko a masentimita 10, ma tweeter (timasipika ta mawu okwera), ndi ma woofer (masipika a bezi) awiri opyapyala a masentimita 20. Zonse zinadzera ku Johannesburg. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mmisiri wanzeru amene amaitanitsa katundu wotere mongoganizira. Chikabwera chosakwana, chimangokhala pa shelefu ndalama zili momwemo.

Lolemba galimoto italowa, ndinauza mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine kuti avule wotchi ndi lamba wa chitsulo, achotsenso makiyi m'thumba la kumbuyo. Chikopa chotuwira sichikhululuka. Tinaphimba mipando ndi chiwongolero, ndipo ndinajambula paliponse pa foni: dashibodi, matabwa onyezimira a m'zitseko, ngakhale kachipsera kamene kanalipo kale pa chogwirira cha kumanzere. Kenako ndinakhala pampando wa dalaivala n'kumasuntha mawu kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, kumvetsera sipika imodziimodzi. Kukhwekhwereza kuja kunali kuchokera pansi pa mpando womwewo.

Lachiwiri tinalimbana ndi mipando, chifukwa ma woofer a BMW amakhala pansi pa mipando yakutsogolo. Mipandoyi imayenda ndi magetsi, choncho umayamba waikankhira kutsogolo n'kumasula mabawuti akumbuyo, kuibwezera kumbuyo n'kumasula akutsogolo, ndiyeno n'kuchotsa batire. Pulagi yachikasu imene ili pansipo ndi ya airbag, ndipo ukaizula magetsi akadali oyaka, kagetsi kochenjeza kamayaka pa dashibodi osazima mpaka utalumikiza kompyuta. Batire ili m'buti pansi, pamene loko wa chitseko cha buti ndi wamagetsi. Tinakulunga kansalu pa lokoyo kuti wina asachimenyetse mosadziwa, kupanda apo tikanakwawira pa chikopa cha eni ake kuti tikafike kumbuyoko.

Chimene chimandisangalatsa pa magalimoto amenewa n'chakuti bokosi la woofer linamangidwa kale m'thupi la galimoto. Sipika imakhala m'kabokosi ka pulasitiki kamene kamatsegukira m'mphako ya chitsulo cha m'mbali, pansi pa chitseko, ndipo mpweya wa m'mphakomo ndi umene umathandiza bezi kutuluka. Munthu woika chibokosi cha matabwa m'buti ya X5 akusiya chinthu chabwino chimene anagula kale pamodzi ndi galimotoyo.

Titatukula woofer ya kumanja tinapeza mzere wa matope owuma mkati mwa kabokosi, dzimbiri pa maginito, pepala lake litafufuma n'kupindika. Siponji ya pansi pa kapeti, nditaifinya ndi chala, inatuluka madzi. Ndinaimba foni.

"Mayi, galimotoyi inalowapo m'madzi?"

"Ayi bambo. Koma anyamata otsuka amachotsa timakapeti n'kupopera payipi pansipo."

Ndiye zinali zimenezo. Siponji imeneyi imasunga madzi miyezi, ndipo pansi pomwepo padutsa mitolo ya mawaya a galimoto yonse. Sindikanaika woofer yatsopano pa chinyontho. Tinatukula kapeti mosamala, kuichirikiza ndi timitengo, kutsegula zitseko zonse, n'kulola fani ndi dzuwa la Okutobala zigwire ntchito mpaka madzulo. Mayiwo ndinawauza kuti galimoto aitenga Loweruka, osati Lachisanu.

Zitseko tinazigwira Lachitatu. Apa palibe chitsulo chimene chimaloledwa kulowa pakati pa chikopa ndi thabwa. Timagwiritsa ntchito timipeni ta pulasitiki, pang'onopang'ono, kumvetsera kilipi iliyonse ikamasuka. Makilipi a galimoto yokhalitsa padzuwa amauma, ena amathyoka ngakhale uwanyengerere chotani, choncho ndimakhala ndi atsopano m'kabotolo. Sipika yatsopano inalowa pa masikulu atatu omwe aja, pulagi yake n'kugwirana ndi ya fakitale. Tweeter inakhala m'kachipinda kake kuseri kwa kagalasi ka m'mbali, pansi pa kasefa komwe kaja.

Ntchito imene anthu saiwerengera ndi yoletsa chitseko kunjenjemera. Ndimamata timapepala ta butyl (mtundu wa labala) tokutidwa ndi aluminiyamu. Ta phula totchipa tija sindigwiritsa ntchito, chifukwa galimoto ikakhala padzuwa lathu lino timasungunuka, kununkha, n'kutsetsereka mpaka kutseka timabowo totulutsira madzi a mvula m'munsi mwa chitseko. Mnyamata uja ataona kuti ndikudula tizidutswa anafunsa:

"Abwana, bwanji osangomata chitseko chonse?"

"Mphwanga, tagogoda apa."

Anagogoda pakati pa chitsulo, chinalira ngwee. Ndinamata kachidutswa kamodzi, kukapsinja ndi rola, iye n'kugogodanso: du. Ndinamuuza agogode m'mphepete, pamene chitsulo chapindidwa, ndipo panali polimba kale. Kumata pamenepo n'kungolemeretsa chitseko ndi kutha ndalama za kasitomala. Kumene pulasitiki imakhudzana ndi pulasitiki inzake tinaikako tepi ya nsalu yofewa, ndipo mawaya atsopano tinawakulunga ndi tepi yansalu yakuda yofanana ndi ya fakitale, kuti makaniko wodzatsegula m'tsogolo asadzaone zachilendo.

Masana magetsi anazima, ndiye tinatembenukira kwa Prado ina yongofika kumene kuchokera ku Japan, imene mwini wake ankadandaula kuti wailesi ikugwira masiteshoni ochepa. Wailesi za ku Japan zakale zimayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Tinaika ka band expander, kachipangizo kothandiza wailesi yotere kugwira masiteshoni athu, pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi, masiteshoni anabwera, ndipo ndinawachenjeza bambowo kuti nambala za pa sikirini sizidzafanana ndi zimene owulutsa amatchula.

Kuika ampu Lachinayi sikunatenge ngakhale ola. Yakale inatuluka, yatsopano inakhala pa malo omwewo, pulagi ya fakitale inalowa, khoma la m'buti linabwerera. Palibe waya wa magetsi watsopano, palibe fyuzi yowonjezera. Tsiku lonse lotsala linapita pa kuchuna, ndipo apa ndi pamene ndalama za mayiwa zinagwira ntchito yeniyeni.

Ampu imeneyi ili ndi DSP, kakompyuta kamene kamalola kulamula njira iliyonse ya mawu payokha kudzera pa laputopu. Ndinalumikiza chaja ku batire, chifukwa galimoto yotere ikakhala yoyatsa maola injini isakulira batire imatsika msanga. Kenako ndinatenga tepi yoyezera, kuyeza kuchokera pamene pamakhala mutu wa dalaivala kufika pa sipika iliyonse. Ife timayendetsa titakhala kumanja, choncho sipika ya chitseko cha kumanja ili pafupi, ya kumanzere ili patali ndi pafupifupi theka la mita. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, kutanthauza kuti masentimita 34 aliwonse amachedwetsa mawu ndi milisekondi imodzi. N'kanthawi kochepa kwambiri, koma khutu limakamva, ndipo limakokera nyimbo yonse ku sipika imene yayamba kufika. N'chifukwa chake m'magalimoto ambiri woimba amamveka ali m'chitseko pafupi ndi bondo lako. Masipika akamafika pa nthawi zosiyana zimakhala ngati kwaya imene aliyense wayamba payekha wotsogolera asanakweze dzanja. Ndi DSP ndimachedwetsa apafupi kuti adikire akutali. Nditangolowetsa manambala, mawu a woimba anachoka m'chitseko n'kukakhala pakati pa galasi lakutsogolo. Mnyamata uja anatembenuka kuyang'ana sipika ya pakati pa dashibodi, poganiza kuti ndiyo ndaikweza, chonsecho ndinali nditaizimitsa.

Povuta pa BMW ndi pokumanira woofer ndi sipika ya m'chitseko. Sipika ya masentimita 10 singatsike kwambiri, choncho woofer ya pansi pa mpando iyenera kukwera mpaka cha m'ma 150 Hz (muyezo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu) kukailandira. Zikapanda kugwirizana pamenepo, gitala ya bezi imagawika pawiri, theka kumapazi, theka ku dashibodi, kapena mawu a amuna amaonda. Ndinayesa kutembenuza polarity ya ma woofer (kusinthanitsa mbali ya + ndi ya -), kusuntha malire a pokumanirapo pang'onopang'ono, kumayang'ana mzere umene maikolofoni ikujambula pa laputopu. Pamene mzerewo watumphuka ndimatsitsa. Pamene wagwa sindithamangira kukweza, chifukwa nthawi zambiri dzenje lotero limabwera ndi mawu obwerera kuchokera ku magalasi, ndipo kulikankha kumangotenthetsa sipika.

Maikolofoni imandifikitsa pakati pa ulendo basi. Kwinako ndimamaliza ndi makutu, ndipo ndimakonda kwaya za kumpingo zojambulidwa bwino, chifukwa mawu a munthu tonse timawadziwa. Akangolakwika pang'ono umamva. Ndikamatha kusiyanitsa amayi a soprano kumanzere ndi abambo a bezi kumanja, ng'oma ikugunda pachifuwa koma osaphimba mawu, ndimadziwa kuti ndafika. Pomaliza ndinayesa kulira kwa masensa obwerera m'mbuyo, belu la lamba ndi foni ya Bluetooth, popeza zonsezi zimadutsa m'masipika omwewo, ndipo ampu yamphamvu ingazisandutse zoboola m'khutu.

Galimoto yoima ndi yoyenda sizimveka mofanana. Lachisanu ndinaitulutsa pa M1 kulowera ku Lumbadzi, ndipo phokoso la matayala linadya bezi ina, moti ndinaima pambali n'kuwonjezera pang'ono. Pobwerera ndinapatukira msewu wafumbi dala. Kunamveka kakutekeseka kumbuyo, ndipo titafufuza tinapeza kuti ndi sipanala ya matayala imene inamasuka m'malo mwake pansi pa buti. Tinaimanga. Kugaraja ndinalumikiza kompyuta kuona ngati pali cholakwa chimene galimoto yasunga, kukonza nthawi ndi deti, ndi kuphunzitsanso mawindo kukwera okha, zimene nthawi zina zimasokonekera batire ikachotsedwa.

Loweruka mayi aja anafika ndipo sanayambe n'kumvetsera. Anatsegula chitseko chilichonse, kusisita m'mphepete mwa matabwa, kusuzumira m'buti, kuyendetsa mpando kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinawapatsa foni kuti afanizire ndi zithunzi za Lolemba. Atakhutira anakhala pa chiwongolero n'kuika nyimbo zawo, ine nditaima panja. Patapita kanthawi anatsitsa windo.

"Bambo, woimbayu ali patsogolo pangapa. Koma bezi ikhoza kutsikako? Ndimayenda ndi amayi anga okalamba, sakonda kugunda."

Ndinawaonetsa kuti zonse zikuchitikira pa iDrive, sikirini ndi kachozungulitsa kake ka BMW, monga kale: bezi, kukweza, kusuntha mawu, mabatani a pa chiwongolero. Anatsitsa okha timizere tiwiri. Kenako mnyamata uja anabweretsa katoni ya zakale, chilichonse chitalembedwa kumene chinachokera, kuti tsiku lina akadzafuna kugulitsa galimoto tidzabwezeretse ndipo zatsopanozi adzasamuke nazo. Woofer yadzimbiri ija ndinaiika dala pamwamba, kuti akawaonetse anyamata otsuka galimoto aja.