Sikirini itada bii: momwe ndinaikira driver ya NVIDIA pa Ubuntu

Ntchito yanga ndi yokonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndimagwirira m'kachipinda kena ku Matawale, kuno ku Zomba. Kompyuta yanga ndi ya patebulo, imayendera Ubuntu 22.04 (mtundu wa Linux, wogwira ntchito m'malo mwa Windows), ndipo ndinaigulira graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi za pa sikirini) yogwirapo kale ntchito, ya mtundu wa NVIDIA GTX 1050 Ti, ndi cholinga chakuti pulogalamu ya Kdenlive izitulutsa kanema wa ola lathunthu mwachangu m'malo mondichezetsa usiku. Nditasomeka khadiyo kompyuta inayaka bwinobwino, koma liwiro silinasinthe n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti Ubuntu ikapeza khadi ya mtundu umenewu imayamba kuiyendetsa ndi driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) yotchedwa Nouveau, imene imakwanitsa kuonetsa zithunzi pa sikirini koma siitha kugwiritsa ntchito NVENC, gawo la khadi limene limapanikiza kanema. Kuti gawo limeneli lidzuke pamafunika driver ya eni khadiyo.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kuchita monga momwe ndinazolowerera pa Windows. Ndinakatenga fayilo ya driver yothera ndi .run, yoposa ma megabyte 300, imene inandidyera bandulo yambiri. Nditaiyendetsa inadandaula kuti Nouveau ikugwira ntchito, ndipo inapempha chilolezo cholemba kafayilo koiletsa kuti isamayambe, ine n'kuvomera. Ulendo wachiwiri inandifunsa ngati ndikufuna kusayina module ya kernel, kutanthauza kachidutswa ka driver kamene kamalowa mu kernel, mtima wa Ubuntu. Funsolo sindinalimvetse, choncho ndinakana, ndipo posakhalitsa ntchitoyo inalekera panjira. Nditayatsanso kompyuta, sikirini inangoda bii, kamzere koyera kakuphethira pakona yakumtunda.

Munthu akafika pamenepa amaganiza zofufuta zonse n'kuyambiranso, koma mu kompyutamo munali makanema a anthu atatu amene anali atalipira kale theka. Ndinadina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, ndipo panabwera malo olembapo dzina ndi mawu achinsinsi, kusonyeza kuti Ubuntu inali moyo, chimene chinafa ndi mbali ya zithunzi yokha. Zimenezi zikakanika pali njira ina, yodina Esc pamene kompyuta ikuyaka kuti mndandanda wa GRUB, pulogalamu yoyambitsa Ubuntu, uoneke, kenaka kudina e, kuwonjezera mawu akuti nomodeset patsogolo pa quiet splash, n'kumaliza ndi F10. Ine sindinafunike kufika kumeneko. Mu /etc/modprobe.d ndinapezamo kafayilo kotchedwa nvidia-installer-disable-nouveau.conf, ndipo apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita, kuti ndinachotsa driver imene inkagwira ntchito isanakhazikike yolowa m'malo mwake. Ndinafufuta kafayiloko, ndinaonanso ngati kali mu /usr/lib/modprobe.d, ndinalemba sudo update-initramfs -u, ndipo nditayatsanso zithunzi zinabwerera.

Kuchokera apo ndinatsata njira ya Ubuntu yeniyeniyo. Lamulo la lspci linatsimikiza kuti khadiyo ikuoneka, ndipo la ubuntu-drivers devices linandipatsa mndandanda wa ma driver oyenera, pomwe nvidia-driver-535 inali ndi mawu akuti recommended pambali pake. Apa pali msampha umodzi woyenera kuutchula. Malangizo ambiri a pa intaneti amalimbikitsa ma driver okhala ndi mawu akuti open kumapeto, amene NVIDIA inayamba kutulutsa mu 2022, koma amenewa amagwira pa makhadi a m'badwo wa Turing ndi otsatira ake okha. GTX 1050 Ti ndi ya m'badwo wa Pascal, inatuluka mu 2016, motero ma driver amenewo sakanaithandiza.

Ndinalemba sudo apt install nvidia-driver-535, ndipo ili mkati mokhazikitsa, mvula ikutsika kuchokera kuphiri, magetsi anazima. Atabweranso madzulo, apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu, inakana kuchita chilichonse ndipo inandiuza yokha chochita, kuti dpkg, pulogalamu imene apt imatumira ntchitoyo, inadukizidwa ndipo ndiyendetse sudo dpkg --configure -a. Ndinatero, ndinawonjezera sudo apt --fix-broken install, ndipo inapitiriza pamene inalekera popanda kutenganso mafayilo pa intaneti. Ili mkati inatsegula bokosi lonena za Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta, n'kundipempha kuti ndipange mawu achinsinsi a zilembo zosachepera 8. Ndinalemba mwachangu, maganizo ali pa magetsi.

Poyatsanso panabwera sikirini ya buluu imene ndinali ndisanaionepo. Chifukwa cha mantha a sikirini yakuda ija, ndinasankha Continue boot kuti ndingodutsa. Kompyuta inayaka, koma zilembo zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha pamsewu, ndipo lamulo la nvidia-smi, loonetsa momwe khadi ikugwirira ntchito, linayankha kuti silikutha kulumikizana ndi driver. Ndinataya pafupifupi maola awiri ndikuchotsa ndi kubwezera driver yomweyo, mpaka pamene ndinaleka kuganizira n'kuyamba kufunsa kompyutayo mafunso limodzilimodzi. Lamulo la dkms status, lofunsa DKMS (pulogalamu imene imamanga module ya driver), linaonetsa kuti module inamangidwa bwino pa kernel imene ndinali nayo, kotero vuto silinali pa kumanga. Nditayesa kuilowetsa ndi manja polemba sudo modprobe nvidia, yankho linali lalifupi: "Key was rejected by service". Kenaka mokutil --sb-state inanena kuti SecureBoot enabled.

Apa zonse zinalumikizana, kuyambira funso lija la kusayina limene ndinalikana tsiku loyamba. Secure Boot ikakhala yoyatsidwa, kernel siilola module iliyonse yopanda siginecha imene kompyutayo ikuidziwa, monga momwe kalata ya malo yopanda chidindo cha amfumu imabwezedwera ngakhale zolembedwamo zili zoona. Driver imene DKMS imamanga pa kompyuta yanu imasayinidwa ndi kiyi yopangidwa pomwepo, yotchedwa MOK, ndipo kiyiyo iyenera kulembetsedwa ndi mwini kompyuta atakhala pa kiyibodi, Ubuntu isanayambe. Sikirini ya buluu imene ndinaithawa inali malo olembetserako kiyi imeneyo, ndipo mawu achinsinsi amene ndinapanga mothamanga aja anali a ntchito yomweyo.

Anthu ambiri amangozimitsa Secure Boot mu BIOS, malo osinthira momwe kompyuta imayakira, ndipo n'zoona kuti driver imayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Ine sindinakonde kuchotsa chitseko chifukwa chakuti kiyi yavuta, makamaka popeza kulembetsako kumachitika kamodzi kokha ndipo DKMS imapitiriza kusayina ndi kiyi yomweyo nthawi iliyonse kernel yatsopano ikabwera. Ndinalemba sudo mokutil --import /var/lib/shim-signed/mok/MOK.der, inandipempha mawu achinsinsi kawiri, ndipo ulendo uno ndinasankha manambala okhaokha n'kuwalemba pa kapepala, chifukwa pa sikirini ya buluuyo zimene ukulemba sizioneka ndipo kiyibodi imawerengedwa mwa dongosolo la ku America. Poyatsanso ndinadikira chala chili pa batani, poti sikiriniyo imangoyembekezera masekondi 10 isanadutse yokha. Ndinasankha Enroll MOK, kenaka Continue, kenaka Yes, ndinalemba manambala aja, n'kusankha Reboot.

Pambuyo pake ndinazindikira kuti ndikanalemba sudo ubuntu-drivers install poyamba pomwe, Ubuntu ikanasankha ma module omangidwa kale ndi kusayinidwa ndi Canonical, kampani yopanga Ubuntu, ndipo mwina sikirini ya buluuyo sindikanakumana nayo. Njira imeneyi ndi imene ndingauze munthu amene akuyamba lero, ngakhale kuti yanga ija ikugwira ntchito ndipo sindinaone chifukwa choisinthira.

Kompyuta itayaka zilembo zinabwerera pa msinkhu wake, ndipo nvidia-smi inatulutsa tebulo loonetsa dzina la khadi, driver ya 535, kutentha kwake ndi memory ya 4096MiB. Ndinatsegula Kdenlive, ndinasankha NVENC pa mndandanda wa njira zotulutsira kanema, n'kuyamba ndi chinkhoswe cha ku Chinamwali chimene eni ake anali atandiimbira kale kawiri. Pa windo lina ndinayendetsanso nvidia-smi, ndipo m'munsi mwa tebulolo munaoneka dzina la melt, pulogalamu imene Kdenlive imatumira ntchito yotulutsa kanema, kusonyeza kuti khadiyo yayamba kusenza katundu wake. Ndinakopera fayilo ya kanemayo pa fulashi usiku womwewo magetsi asanazimenso, ndipo m'mawa mwake ndinakafunsa mtengo wa UPS, batire yosungira kompyuta magetsi akazima, m'tauni.