Loweruka la mwaye ku Leeds

Lero ndinadzuka zala zitauma gwa. Chisanu cha Januwale kuno ku Leeds chimaposa cha ku Dedza mu Juni, chimalowa mpaka m'mafupa. Chitofu chathu cha nkhuni, chija anachilowetsa m'khoma pabalaza, chakhala chikudya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, koma ukangosendera patali pang'ono wayambanso kunjenjemera.

Mmisiri anafika m'ma 9 koloko. Atachotsa chitsulo chakutsogolo anandipatsa tochi kuti ndisuzumire ndekha. Pamwamba pa chitofu panali pululu! Amene anachiika kale anangolumikiza paipi ya utsi, mpata wonse wozungulira paipiyo n'kuusiya. Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi takhala tikuwothetsa nkhunda za padenga.

Anadula lata lolimba lokwana pakamwa pa chumuni, kuboola pakati podutsa paipi, n'kumata m'mbali ndi simenti yosapsa. Mwaye unali kugwa ngati mvula. Pamwamba pa latalo anayala Rockwool, ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula, umene umapirira kutentha kopitirira madigiri 1,000. Ubweya wina anauika kumbuyo kwa chitofu, poti khomalo ndi lakunja ndipo njerwa zake zimamwa kutentha konse. Ine ndi phuma langa ndinaugwira wopanda magulovesi, mpaka pano mikono ikuyabwa ngati ndadutsa m'chitedze.

Bambo a kunyumba anatola zotsala kuti atseke timipata tapansi ndi tapamwamba pa chitseko cha chitofu. Mmisiri anawagwira dzanja. Akuti mpweya wozizira umalowera pansipo, kuzungulira chitsulo, n'kutulukira pamwamba utatentha. Ukatseka, chitofu chimatentha mopyola muyeso koma nyumba osafunda.

"Abambo, tasiyirani eni ntchito, inu katipangireni tiyi," ndinatero. Anapita, koma akung'ung'udza.

Mmisiri asanachoke anayesa alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha uja wosanunkha. Pamenepo sindinafunse zambiri. Tonse tinakula tikumva za anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, osadzukanso. Anabayanso nkhuni zathu ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Zimafunika zisapitirire 20 peresenti, ndipo theka la mulu wathu lalephera mayeso.

Madzulo ano tasonkha zikuni zitatu zokha. Mwana wavula juzi, wagona pamkeka patsogolo pa moto. Amayi ataimba pa WhatsApp anadabwa kundiona ndilibe chipewa, akuti, "Kodi mwasamuka nyumba?"