Uthenga wa aphunzitsi umene abwana anakana kuulutsa

Ndimakonza mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono yofalitsa mawu mu Lilongwe muno. Pa ntchito zonse zimene ndimagwira, imene ndimaikapo mtima wonse ndi podcast (pulogalamu yomvera pa intaneti) ya mabuku ndi chikhalidwe yomwe timatulutsa Loweruka lililonse. Kumapeto kwa pulogalamuyi kuli gawo la maganizo a omvera. Gawoli ndinaliyambitsa ndine, akuluakulu asakufuna, ndipo ndi lomweli landigonetsa ndi mkwiyo sabata ino.

Za Lolemba ndi Lachiwiri sindichulutsa, anzanga a ntchitoyi mukuzidziwa: kutsitsa ma voice note, kuwasanja, kukumbutsa mlendo, kujambula. Mlendo wathu anali katswiri wa zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Anafotokoza bwino kusiyana kwa zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera zimene zimakhudzana ndi chinamwali komanso Nyau. Ali pakati pofotokoza magetsi anathima. Batire ya invata, imene takhala tikupempha kalekale kuti isinthidwe, inangolira kamodzi n'kufa. Tinamalizira pa foni yanga. Lachitatu lonse linathera posokerera mawu a maikolofoni ndi a pafoni kuti womvera asazindikire polumikizira. Zinatheka, ndipo amene wamvera pulogalamuyo sangaloze pamene magetsi anathimira.

Mauthenga ambiri a sabatayi anali okhudza pulogalamu ya Loweruka lapitalo, imene inakamba za mabuku akale a Chichewa. Ambiri anali ozolowereka. Mnyamata wina wa ku Joni akuti amatimvera popita kuntchito m'mawa ndipo timamukumbutsa kumudzi. Mayi wina akudandaula kuti woulutsa wathu amathira Chingerezi chambiri ngakhale pokamba za buku la Chichewa. Wina akufunsa kuti zolembedwa m'Chitumbuka ndi m'Chiyao tidzazifika liti, ndipo funsolo ndi loona. Achinyamata angapo akuti fayilo yathu ikuwathera bandulo. Amenewa ndimawamvetsa. Pulogalamu ya mphindi 40 pa 128 kbps, womwe ndi mlingo wa ubwino wa mawu, imafika pafupifupi 38 MB, pamene pa 64 kbps imangokhala theka lake, mawu a munthu wolankhula n'kumamvekabe bwinobwino. N'chifukwa chake ndimatulutsa mafayilo awiri, yaing'onoyo n'kuiponya m'magulu a WhatsApp. Palibe anandituma, ndipo bandulo yake imachoka m'thumba mwanga.

Lachitatu usiku, ndikutseka laputopu, panalowa uthenga wautali kuchokera pa nambala yachilendo. Anali bambo wachikulire, mawu odekha, Chichewa chosalala cha anthu amene anaima kutsogolo kwa kalasi moyo wawo wonse. Anadzifotokoza kuti ndi mphunzitsi wa pulayimale amene anapuma ntchito, ndipo saona chiyambire ali mwana pamene anadwala chikuku. Pulogalamu yathu amaimvera pa kafoni ka mabatani. Mdzukulu wawo ndi amene amaikamo fayilo mu memory card akapita pa trading centre, ndipo akamaliza iwo, khadiyo imazungulira kwa anzawo ena osaona a m'dera lawo.

Sanayambe ndi kuyamikira. Anapita pa nkhani. Anati sabata iliyonse woulutsa wathu amatseka ndi mawu akuti pezani bukuli muwerenge nokha, ndipo iwo amafuna adziwe kuti mawuwo timauza ndani. Anati tinatha mphindi 40 tikukamba za Nthondo. Tinanena kuti analemba ndi Samuel Josia Ntara, kuti linatuluka mu 1933, kuti Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Tinatsutsana za khalidwe la mwini nkhaniyo mpaka kusekana. Koma pa mphindi zonsezo sitinawerenge chiganizo ndi chimodzi chomwe chochokera m'bukumo. Bukulo iwo anawerengeredwa ndi mnzawo wa m'kalasi ali anyamata, ndipo chiyambire pamenepo sanalimvenso. Atamva kuti tikamba za bukuli anaitana anzawo kuti adzamvere limodzi. "Ana anga," anatero, "mwatinunkhiritsa ndiwo, osatipatsa ndi nthongo yomwe."

Anapitiriza kunena kuti mabuku a Braille, a zilembo zowerenga ndi zala, amene anawagwirapo m'moyo wawo anali a sukulu ndi a Mawu a Mulungu, nthano ndi ndakatulo ayi. Sanapemphe kuti tiwamvere chisoni. Anatidzudzula monga mphunzitsi amadzudzulira mwana wanzeru amene wachita ulesi, kenako anapereka njira: tiziwerenga tsamba limodzi, kapena ndime ziwiri zokha, tisanayambe kutsutsana, kuti womvera amve kaye mawu a mlembi asanamve maganizo athu.

Ndinaumvera uthengawo mobwereza. Chiyambireni gawo la omvera sindinalandirepo chidzudzulo chomveka chotere. Nkhani yowerenga ndime ndinaibweretsapo kale pa msonkhano, ndipo ndinayankhidwa kuti kuwerenga kumagonetsa anthu. Tsopano womvera weniweni anali atainena yekha, momveka kuposa mmene ine ndinaifotokozera. Ndinaudula bwino, ndinachotsa kulira kwa nkhuku ndi mphepo, ndinauika poyambirira pa gawolo. Ndinalemberanso woulutsa wathu kuti, chemwali, konzekani kuyankha uthenga uwu, musaunyalanyaze. Anayankha usiku womwewo kuti ali okonzeka, ndipo akufuna awerenge ndime pompo.

Lachinayi m'mawa abwana anabwera kudzamvera zimene takonza. Uthenga wa aphunzitsi sanaumalize. Usanafike ndi pakati pomwe anavula mahedifoni n'kunena kuti uchotsedwe. Ndinafunsa chifukwa. Anati ndi wautali. Ndinati ndiufupikitsa. Anati vuto si kutalika kokha, uthengawo ukutipatsa mbiri yoipa, ndipo mwezi uno kampani imene imatipatsa malonda ikuunika ngati ipitirize nafe. Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa nyenyezi zimene tapatsidwa pa Spotify, app yomverera nyimbo ndi ma podcast, ndi ndemanga za pa Facebook zoti pulogalamuyi ndi yapamwamba. Anati izi ndi zimene omvera akunena, ndiye tiwerenge izi.

Ndinati, "Bwana, awa akutiuza kuti ndife abwino. Aphunzitsiwa akutiuza choti tichite." Anayankha kuti gawo la omvera si bwalo la milandu. Woulutsa wathu atanena kuti iwo angakonde kuwerenga ndime, abwana anatseka nkhani ndi mawu amodzi: copyright, kutanthauza ufulu wa mlembi pa zimene analemba. Anati safuna kudzalandira kalata ya loya chifukwa cha ndime ziwiri.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima, chifukwa mawu amenewa amagwiritsidwa ntchito ngati loko ndi anthu amene sanatsegulepo lamulolo. Malawi ili ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Kutenga mawu ochepa a m'buku pounika bukulo, n'kutchula mlembi ndi dzina la buku, ndi chinthu chimene owunika mabuku amachita m'nyuzipepala ndi pa wailesi padziko lonse. Ndipo ngati abwana akukayika za utali wa ndime, COSOMA, bungwe loona za copyright m'dziko muno, ilipo kuyambira 1992, ntchito yake ndi yomweyi. Osindikiza mabuku nawonso ali ndi mafoni. Wosindikiza uti angakane kuti ndime ya buku lake imveke kwa anthu amene angalifune? Kufunsa sikungathe ndi ola lomwe. Koma kukana n'kosavuta kuposa kufunsa, ndiye tinakana.

Palinso china chimene munthu woyendetsa pulogalamu ya mabuku amayenera kuchidziwa. Mu 2013 mayiko anagwirizana ku Marrakesh, m'dziko la Morocco, pangano lofewetsa malamulo a copyright kuti mabuku azitha kusandutsidwa Braille, zilembo zikuluzikulu kapena mawu ojambulidwa, kuti anthu osaona aziwapeza. Malawi inalowa m'panganoli mu 2017. Bungwe la World Blind Union lakhala likunena kuti mwa mabuku 100 aliwonse osindikizidwa, osakwana 10 ndi amene amapezeka m'njira yoti wosaona awerenge, ndipo m'mayiko osauka zinthu n'zoipa kuposa apo. Panganolo silitipatsa ife chilolezo choulutsa buku lathunthu kwa aliyense, zimenezo ndikuzidziwa. Koma likusonyeza kuti dziko lathu linavomereza kuti vutoli lilipo. Tsono ife, amene ntchito yathu yonse ndi mawu olowa m'khutu, ndi amene tikuopa kuwerenga ndime? Braille imafuna pepala lolimba ndi makina okwera mtengo, ndipo buku limodzi laling'ono limasanduka mavoliyumu angapo. Ife tili ndi maikolofoni kale, komanso munthu wodziwa kuwerenga mokweza amene timamulipira kale.

Ndipo aphunzitsiwa sanalankhulire osaona okha. Ndi angati mwa omvera athu oona amene angapeze buku limene timawauza kuti akapeze? Mabuku ambiri akale a Chichewa sakupezekanso m'masitolo. Amene alipo ndi ong'ambika, ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma kapena pa mashelefu a National Library Service, kwa amene ali pafupi ndi nthambi yake. Mabuku ochokera kunja anali odula kale, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 anangofika poti munthu wa malipiro wamba sangawaganizire. Ife timalandira mabuku aulere kuchokera kwa alembi, n'kumauza munthu wa ku Ntchisi kuti akagule.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mmene akuluakulu amawerengera omvera. Spotify inafika kuno mu 2021, ndipo amene amatipatsa nyenyezi kumeneko ambiri ndi a m'tauni okhala ndi Wi-Fi kuntchito, komanso abale athu okhala kunja. Ndimawayamikira, ndi omvera enieni. Koma fayilo imene yatumizidwa pa WhatsApp, kenako pa Bluetooth, kenako mu memory card, sioneka pa lipoti lililonse. Ikhoza kumveredwa ndi anthu khumi pakhonde limodzi, pa dashboard yowerengera omvera osaoneka ndi mmodzi yemwe. Ndiye pa pepala limene abwana amapita nalo kwa otipatsa malonda, aphunzitsi aja ndi anzawo kulibe. Njira yokhayo imene tingadziwire kuti alipo ndi pamene atilankhula okha, ndipo atatilankhula tinawatseka pakamwa. Ndinayesa kunena kuti kampani yanzeru ingasangalale kumva kuti pulogalamu imene ikuilipira ikufika mpaka kumudzi, kwa anthu amene malonda ena sawafika. Abwana anali atayamba kale kuyankha foni ina.

Lachisanu ndinaimba pa nambala ija. Anayankha mdzukulu, n'kupereka foni kwa agogo ake. Ndinawauza zoona, kuti uthenga wawo ndaumva, ndagwirizana nawo, koma suuluka sabata ino chifukwa akuluakulu akana. Ndinawauzanso kuti woulutsa wathu wadzipereka kuwajambulira yekha mitu ingapo ya bukulo pa nthawi yake yopuma, tiwatumizire. Anathokoza mwaulemu, koma anakana. Anati sanatumize uthengawo kuti achitiridwe chifundo paokha. Akalandira iwo okha, anzawo a m'maboma ena, amene sadziwa kutumiza voice note, adzamvabe mawu omwe aja oti pezani bukuli muwerenge nokha. Anati chinthucho chikonzedwe mu pulogalamu momwemo, pamene aliyense angamve. Kenako anandifunsa ngati ndili ndi mphamvu pa pulogalamuyo kapena ndimangodula mawu. Ndinawayankha kuti ndimadula mawu, koma pakamwa ndili napo.

Loweruka pulogalamu ya Chongoni inatuluka pa nthawi yake. Gawo la omvera linali ndi mauthenga oyamikira okhaokha, monga analamulira abwana. Ndinalikonza mwaukhondo chifukwa ndiyo ntchito yanga, ndipo sinditulutsa chinthu chosalongosoka ngakhale ndikwiye. Chimodzi chokha chinasintha: woulutsa wathu sanatseke ndi mawu aja. Anangotsanzika.

Lamulungu madzulo ndinalemba kalata yopita kwa abwana ndi kwa akulu a kampani, yoti aipeze Lolemba m'mawa. Ndapempha kuti pulogalamu iliyonse yokamba za buku iziyamba ndi ndime yowerengedwa, ndipo ndadzipereka kuti zofunsa chilolezo kwa osindikiza ndi ku COSOMA ndiziyendetsa ndine. Ndapempha kuti uthenga wa aphunzitsi uuluke sabata yamawa wosachotsedwa mano, pamodzi ndi yankho lathu. Batire ya invata ndaitchulanso. Ndipo ndalemba mosabisa kuti ngati gawo lomalizali likhale la zoyamikira zokha, asiye kulitcha maganizo a omvera, ndipo apeze wina wolikonza.