Zaka 41 ali Erica Kane: zomwe ndatolapo pa ntchito ya Susan Lucci

Teremu ino, pa phunziro la zisudzo za pa kanema, tinapatsidwa ntchito yolondola moyo wa katswiri mmodzi wa masewero otalika omwe amaonetsedwa masana ku America. Ine ndinasankha Mayi Susan Lucci, omwe ankasewera ngati Erica Kane mu All My Children kuyambira pomwe seweroli linayamba pa wailesi ya kanema ya ABC mu Januwale 1970 mpaka linatha mu Seputembala 2011. Zaka 41 zonsezo ali munthu yemweyo.

Mbiri yawo ndi yachidule. Anabadwa mu 1946 ku Scarsdale, ku New York, anaphunzira zisudzo ku Marymount College, ndipo anali ndi zaka 23 zokha pomwe Agnes Nixon, mlembi yemwe anayambitsa seweroli, anawapatsa gawo la mtsikana wodzikonda wa m'tauni yongopeka ya Pine Valley. Erica sanayambe ngati mwini nkhani. Anali mtsikana wosokoneza chibwenzi cha anzake. Koma oonera anamukonda chifukwa cha kuipa kwake komweko, ndipo pang'ono ndi pang'ono sewero lonse linayamba kuzungulira pa iye.

Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi kagwiridwe ka ntchitoyi. Sewero la masana limaonetsedwa Lolemba mpaka Lachisanu, chaka chonse, popanda tchuthi chenicheni. Ndiye kuti magawo oposa 250 pa chaka. Poyamba gawo lililonse linali la mphindi 30, koma mu 1977 analitalikitsa kufika ola lathunthu. Kuti zimenezi zitheke, gawo limodzi liyenera kujambulidwa pafupifupi tsiku limodzi. Wosewera amalandira mapepala, amaloweza usiku, m'mawa amayeserera mothamanga, kenako makamera atatu kapena anayi amamujambula nthawi imodzi. Mawa lake amaiwala zadzulo n'kuloweza zina. Wa filimu amatha kubwereza kachigawo kamodzi tsiku lonse mpaka kakome. Wa sewero la masana alibe mwayi umenewo: misozi ikafunika, iyenera kutsika nthawi yomweyo chifukwa anzake akudikira chipinda chomwecho.

Ife m'kalasi timathera milungu pa kasewero kamodzi ka mphindi 20, ndipo timadandaulabe kuti nthawi yachepa.

Palinso china chomwe mabuku athu satchula kwambiri. Pa sewero lotalika chonchi, alembi amabwera n'kupita, otsogolera amasintha, koma wosewera amakhalapobe. Mapeto ake ndi iye amene amasunga mbiri ya munthu yemwe akumusewerayo. Erica anakwatiwa maulendo ambirimbiri, anagwa m'chizolowezi cha mankhwala opha ululu, anamangidwapo, ndipo mu 1973 anachotsa mimba, nkhani yomwe inautsa mapiri pachigwa chifukwa khoti lalikulu la ku America linali litangololeza kumene mchitidwewu. Mu 1993 kunatulukira mwana wake wobisika, Kendall, yemwe ankaseweredwa ndi Sarah Michelle Gellar, ndipo mu 2000 mwana wake wina, Bianca, anamuululira kuti amakonda akazi anzake. Nkhani zina zinali zosamveka n'komwe, mwachitsanzo ija yoti Erica anakalipira chimbalangondo m'tchire mpaka chinabwerera. Ntchito ya Mayi Lucci inali kuonetsetsa kuti mayi wolira chifukwa cha mwana wake ndi mayi wokalipira chilombo akhale munthu mmodzi yemweyo pamaso pa oonera. Kwa ine luso lenileni lagona pamenepa, ndipo ndi lovuta kuposa kulira bwino kamodzi.

Mphoto zimavutika kuyeza luso lotere. Oweruza a Daytime Emmy, mphoto za mapulogalamu a pa kanema a masana ku America, amaonera magawo ochepa osankhidwa, osati chaka chathunthu, choncho amene anali ndi tsiku limodzi lamphamvu amapambana amene anasenza sewero tsiku ndi tsiku. Mayi Lucci anasankhidwa koyamba kuti apikisane nawo pa mphotoyi mu 1978 ndipo analephera maulendo 18. Kulepherako kunasanduka nthabwala ya dziko lonse, moti iwo eni anakaiseka pa pulogalamu ya nthabwala ya Saturday Night Live mu 1990. Anadzapambana mu 1999, ulendo wa 19, wosewera mnzawo Shemar Moore atalengeza dzina lawo, ndipo holo yonse inaimirira kwa mphindi zingapo. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati chitsanzo cha kupirira. Ine ndikuona kuti imaonetsa kwambiri kufooka kwa njira yoweruzira, chifukwa luso lawo mu 1999 silinali losiyana ndi la mu 1989.

Ntchitoyi ili ndi mtengo wake. Dzina la m'sewero limameza dzina lako, monga momwe kwathu kuno ambiri amawatchulirabe a Michael Usi kuti Manganya. Mayi Lucci anayesetsa kutambasula mapiko: anaimba pa Broadway, m'nyumba zotchuka za zisudzo ku New York, mu Annie Get Your Gun kumapeto kwa 1999, anavina pa Dancing with the Stars mu 2008, anasewera mu Devious Maids kuyambira 2013 mpaka 2016. Komabe kwa anthu ambiri akadali Erica.

Ndipo ngakhale wosewera atatchuka chotani, kutha kwa sewero sikuli m'manja mwake. Amayi ambiri atayamba kupita kuntchito masana ndiponso mawailesi akanema atachuluka, oonera anachepa. ABC inasamutsa kujambula kuchoka ku New York kupita ku Los Angeles mu 2010 pofuna kuchepetsa ndalama, koma sizinathandize. Chaka chotsatira inathetsa seweroli n'kuika pulogalamu ya zophikaphika, The Chew, yomwe inali yotchipa kupanga. Mu lipoti langa, funso lomwe ndikulimbana nalo tsopano ndi lakuti ochita zisudzo achinyamata aku America aziphunzirira kuti kuloweza ndi kusewera mothamanga chonchi, poti masewero omwe ankawasula, monga momwe All My Children inasulira Gellar ndi katswiri wa mafilimu Michael B. Jordan, atsala ochepa kwambiri.