Masamu a bizinesi mu paketi ya tiyi ndi botolo la juwisi

Kaya muli ku MUBAS ku Blantyre, kaya mukuchita masamu a chaka choyamba ku MUST kuno ku Thyolo, linear algebra ndi calculus simungazizembe. Chimene chimagwetsa ambiri si kuvuta kwa masamuwo ayi, koma kulemba nambala zopanda dzina. Munthu akalemba 300 osanena kuti ndi magalamu, mapaketi kapena makwacha, watayika kale ngakhale calculator ikhale yatsopano. Nambala iliyonse mu masamu amenewa ili ndi chinthu chimene ikuimira, ndipo yankho likabwera muyenera kutha kulinena m'mawu amene mwini bizinesi angamve. Ziwerengero zonse zili m'munsimu ndi zongoyerekeza kuti masamu ayende bwino, si mitengo ya pamsika.

Tiyambire ku Luchenza. Tinene kuti pali mayi amene amagula tiyi wouma wa magiredi awiri, BP1 ndi PF1, n'kumasakaniza ndi kulongedza m'mapaketi a magalamu 500. Paketi yofiira imadya magalamu 300 a BP1 ndi magalamu 200 a PF1. Paketi yobiriwira imadya magalamu 100 a BP1 ndi magalamu 400 a PF1. M'sitolo muli makilogalamu 90 a BP1 ndi makilogalamu 160 a PF1. Alongedze mapaketi angati a mtundu uliwonse kuti tiyi yense athe?

Pano pali dzenje loyamba: kuphatikiza magalamu ndi makilogalamu mu equation imodzi. Sinthani zonse zikhale makilogalamu. Ngati x ndi mapaketi ofiira ndipo y ndi obiriwira:

0.3x + 0.1y = 90
0.2x + 0.4y = 160

Equation yoyamba ndi nkhani ya BP1 yokha, yachiwiri ndi ya PF1 yokha. Nambala zinayi zochulukitsa x ndi y mukaziika m'tebulo, tebulolo ndiye matrix. Mzere uliwonse wa matrix ndi giredi ya tiyi, kolamu iliyonse ndi mtundu wa paketi. Amene amalemba 0.3 ndi 0.2 pamzere umodzi watembenuza matrix, ndipo apeza yankho looneka bwino la funso limene sanafunsidwe.

Chulukitsani mizere yonse ndi 10 kuti madontho achoke: 3x + y = 900 ndi 2x + 4y = 1600. Njira ya Gauss imayenda chonchi. Gawani mzere wachiwiri ndi 2, mupeze x + 2y = 800. Uchulukitseni ndi 3, ukhale 3x + 6y = 2400, ndipo muuchotse pa mzere woyamba. Patsala −5y = −1500, choncho y = 300 ndipo x = 200. Chilichonse chimene mwachita kumanzere muchitenso kumanja. Kuiwala kuchulukitsa 800 ndi 3 ndiko kumadya malikisi ambiri pa sitepe imeneyi. Kenako bwererani m'sitolo mukaone: mapaketi ofiira 200 adya makilogalamu 60 a BP1, obiriwira 300 adya 30, zonse 90. PF1 ndi 40 kuphatikiza 120, ndiye 160. Kuona kumeneku sikutha mphindi imodzi, musakudumphe.

Determinant ndi nambala imodzi imene timaipeza pochulukitsa nambala za matrix mopingasa n'kuchotsera. Ya matrix yathu, titachulukitsa mizere ndi 10 paja, ndi 3 × 4 − 1 × 2 = 10. Ophunzira ambiri amaipeza bwinobwino koma sadziwa chimene ikuwauza. Yesani izi: mayi aja asiye paketi yobiriwira, m'malo mwake apange kapaketi ka magalamu 250 kokhala ndi magalamu 150 a BP1 ndi 100 a PF1. Determinant tsopano ndi 0.3 × 0.1 − 0.15 × 0.2 = 0. Chifukwa chake n'choonekeratu mukayang'ana tiyiyo: kapaketi katsopanoka ndi theka chabe la paketi yofiira, kasakanizidwe kake ndi komweko, magawo 3 a BP1 pa magawo 2 a PF1. Ngakhale alongedze bwanji, BP1 idzatha PF1 ikadali mulu, popeza m'sitolo PF1 ndiyo yochuluka. Determinant ikakhala 0 ndiye kuti katundu wanu wachiwiri sakubweretsa chatsopano, ndipo yankho mwina palibe, mwina ndi ochuluka osawerengeka. Katswiri wa masamu Cramer anafalitsa lamulo lake lopezera x ndi y pogwiritsa ntchito ma determinant mu 1750, ndipo lamulolo limafa pomwepa chifukwa limagawa ndi determinant.

Inverse, matrix imene mukaichulukitsa ndi tiyi wa m'sitolo imakupatsani x ndi y, imathandiza pamene kasakanizidwe sikasintha koma katundu wa m'sitolo akusintha sabata ndi sabata. Pa matrix ya 2 × 2, sinthanitsani 3 ndi 4, ikani minus pa 1 ndi 2, mugawe zonse ndi 10. Mzere woyamba ukhala 0.4 ndi −0.1, wachiwiri −0.2 ndi 0.3. Mukaipeza kamodzi, sabata iliyonse mungochulukitsa. Koma taonani zochitika PF1 ikakwera kufika makilogalamu 400 pamene BP1 ikadali 90 (tikachulukitsa ndi 10 ngati paja, 4000 ndi 900): x = 0.4 × 900 − 0.1 × 4000 = −40. Masamu sanalakwe. Akukuuzani kuti tiyi yense sangathe ndi mapaketi awiriwa, chifukwa palibe amalongedza mapaketi −40. Funso lasintha tsopano, lakhala loti tisankhe chiyani pa zimene zingatheke, ndipo imeneyo ndi ntchito ya linear programming.

Za kuchulukitsa ma matrix ndinene mwachidule. Ngati BP1 ili pa K6,000 pa kilogalamu ndipo PF1 pa K5,000, ikani mitengoyi pamzere umodzi kumanzere kwa matrix ya makilogalamu ija. Paketi yofiira ituluka K1,800 + K1,000 = K2,800, yobiriwira K600 + K2,000 = K2,600. Lembani kukula kwa matrix iliyonse musanayambe: 1 × 2 ndi 2 × 2. Nambala ziwiri zapakatizo zikapanda kufanana, siyani, sizichulukitsika. Mu Excel muli MMULT, MINVERSE ndi MDETERM, koma kompyuta sidzakuuzani kuti mwatembenuza mizere.

Calculus ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi imene imasintha mmene munthu amaganizira za malonda.

Tisamukire ku Mulanje, kwa zinanazi. Gulu la achinyamata pa Chitakale likufinya juwisi. Litaika botolo pa K2,500 linagulitsa mabotolo 100 pa sabata, litatsitsa kufika K2,000 linagulitsa 200. Mtengo watsika ndi K500 pa mabotolo 100 owonjezera, ndiye K5 pa botolo lililonse. Mzere wodutsa pa mfundo ziwirizi ndi p = 3000 − 5q, pamene p ndi mtengo ndipo q ndi mabotolo. Ndalama zotuluka pa sabata tinene kuti ndi C = 60000 + 600q + q². K60,000 ndi lendi ndi zina zimene amalipira ngakhale asafinye kanthu. K600 ndi zinanazi, shuga ndi botolo lopanda kanthu. Kagawo ka q² kakuimira chimene aliyense wopanga zinthu amachidziwa, kuti mukamachulutsa katundu mumayamba kugula zinanazi kutali, kulipira aganyu owonjezera ndi kutaya zina zowola.

Derivative imayankha funso limodzi: botolo limodzi lowonjezera lisintha zinthu ndi zingati? Derivative ya C ndi 600 + 2q, imene mabuku amaitcha marginal cost. Pa mabotolo 200 ndi K1,000. Mukawerengera pamanja ndalama zotuluka pa mabotolo 201 n'kuchotsapo za 200 mupeza K1,001, kusiyana kwa kwacha imodzi yokha. Musaisokoneze ndi average cost, imene pa mabotolo 200 ndi K220,000 kugawa ndi 200, kutanthauza K1,100. Average cost imanena za mabotolo onse amene apangidwa kale, marginal cost imanena za botolo lotsatira, ndipo chisankho chopanga kapena kusapanga chimakhudza lotsatiralo.

Ndalama zolowa ndi R = pq = 3000q − 5q², derivative yake 3000 − 10q. Pa mabotolo 200 imeneyi ndi K1,000, chonsecho botolo likugulitsidwa K2,000. K1,000 inayo yapita kuti? Product rule ikuonetsa poyera: derivative ya pq ndi p kuphatikiza q kuchulukitsa ndi derivative ya p, ndiye 2000 + 200 × (−5). Botolo latsopano labweretsadi K2,000, koma kuti ligulidwe mwatsitsa mtengo ndi K5 pa mabotolo onse 200 amene anthu akanagula pa mtengo wakale. Mwapeza K2,000, mwataya K1,000. Amene amangochulukitsa ma derivative awiriwo, −5 ndi 1, amapeza −5, nambala yopanda tanthauzo lililonse pa malondawa.

Phindu limafika pachimake pamene botolo lotsatira likubweretsa ndalama zofanana ndi zimene likudya: 3000 − 10q = 600 + 2q. Ndiye 12q = 2400, q = 200, mtengo K2,000. Zolowa K400,000, zotuluka K220,000, phindu K180,000. Derivative yachiwiri ya phindu ndi −12, ndipo pokhala pansi pa 0, apa ndi pamwamba pa phiri, si m'chigwa. Lembani sitepe imeneyi nthawi zonse, chifukwa derivative yoyamba imakhala 0 pamwamba ndi pansi pomwe.

Tsopano yerekezani ndi amene akuthamangira kugulitsa zambiri. Zolowa zimakula kwambiri pamene 3000 − 10q = 0, pa mabotolo 300 ndi mtengo wa K1,500. Ndalama zolowa zafika K450,000, thumba likuoneka lodzaza, koma zotuluka ndi K330,000 ndipo phindu latsikira pa K120,000. Afinya mabotolo 100 owonjezera kuti ataye K60,000. Pa maphunziro onsewa, chitsanzo ichi ndicho ndingakonde kuti wophunzira aliyense apite nacho kwawo.

Onaninso kuti 60000 uja anasowa titangotenga derivative. Lendi ikakwera kufika K100,000, phindu litsika ndi K40,000 koma mabotolo oyenera kupanga akadali 200. Lendi ingakuuzeni ngati bizinesi ili yoyenera kuipitiriza, koma siikuuzani kuchuluka kwa zoti mufinye sabata ino.

Elasticity, muyeso wa mmene ogula amasinthira mtengo ukasintha, imagwetsa anthu pamalo amodzi. Imafuna derivative ya q potsata p, osati ya p potsata q. Tembenuzani kaye equation ikhale q = 600 − 0.2p, derivative yake −0.2. Pa mtengo wa K2,000 elasticity ndi −0.2 × 2000 ÷ 200 = −2, kutanthauza kuti mtengo ukakwera ndi 1 peresenti, mabotolo ogulidwa atsika ndi pafupifupi 2 peresenti. Wogwiritsa ntchito −5 apeza −50. Pa K1,500 elasticity ndi −1 ndendende, pamene paja zolowa zinafika pachimake.

Derivative sidziwa kukula kwa firiji yanu. Ngati gululi lingathe kusunga mabotolo 150 okha pa sabata, 200 ija ndi yosatheka, ndipo muyenera kuwerengera phindu kumalire: pa 150 mtengo ndi K2,250, zolowa K337,500, zotuluka K172,500, phindu K165,000. Derivative ya phindu pamenepo ndi 2400 − 12 × 150 = K600, kusonyeza kuti malo a botolo limodzi lowonjezera m'firiji angabweretse pafupifupi K600 pa sabata. Nambala imeneyi ndiyo poyambira pokambirana ngati kugula firiji yachiwiri kuli ndi nzeru. Mzere wa p = 3000 − 5q nawonso unachokera pa mitengo iwiri yokha, K2,000 ndi K2,500, ndiye ukhulupirireni pafupi ndi mitengo imeneyo. Nyengo ya zinanazi ikatha, kapena kuzizira kwa June ndi July kukafika anthu n'kuyamba kufuna tiyi wotentha, tengani ziwerengero zatsopano mujambulenso mzere wina.