Mwezi ukutithawa pang'onopang'ono, ngati kukula kwa chikhadabo

Dzana usiku magetsi atazima tinatulutsa mphasa panja n'kumatongola chimanga, mwezi uli mbee moti tochi inalibe ntchito. Kamphwanga kamene kali fomu 2 kanangoti "achimwene, aphunzitsi akuti mweziwu ukuthawa, zoona?" Agogo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere mwezi ndinaupeza pompo ndipo ndidzausiya pompo. Koma mwanayo sananame ayi, nkhaniyi ine imandigwira mtima kwambiri.

Mwezi umatalikira dziko ndi masentimita pafupifupi 3.8 chaka chilichonse, liwiro lake ngati mmene chimakulira chikhadabo. Sizongoganizira, anayeza. Mu 1969 anthu a Apollo 11, oyamba kuponda pamwezi, anasiya kumeneko chipangizo chobweza kuwala, ndiye asayansi amawombera kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kuchokera pansi pano n'kuwerenga nthawi imene kuwalako kwatenga kupita ndi kubwerera, masekondi awiri ndi theka basi pa mtunda wa makilomita 384,400.

Nanga chikuukankha n'chiyani? Apa ife a ku Mchinji zimativuta kumvetsa poti nyanja yamchere sitinakule nayo, madzi athu ndi Bua ndi madambo. Amalume amene amayendetsa thiraki kupita ku Beira ndi amene anandithandiza, amati kumeneko madzi amathawa kutali kusiya matope okhaokha, maboti ali gone pansi, pakapita maola angapo abweranso kudzaza, kawiri patsiku. Ndi mwezi umenewo, umakoka madzi n'kuwatukumula ngati chulu. Tsono dziko limazungulira msanga, maola 24 latha, pamene mwezi umafuna masiku 27 ndi kanthu kuti ulizungulire, ndiye dzikolo limanyamula chulu cha madzi chija n'kuchipititsa patsogolo pang'ono, sichikhala pansi penipeni pa mwezi. Chulucho chimakokera mwezi kutsogolo, mwezi umapeza mphamvu n'kukwera njira ya patali. Nawonso mwezi ukukokera chulucho m'mbuyo, madzi akukhulana ndi pansi pa nyanja ngati buleki ya njinga pa limu, dziko likuchepetsa liwiro. Akuluakulu anati katungwe n'kukankhana, apa ndi zomwezo ndithu, zimene dziko likutaya mwezi ndi umene ukutola.

Ndiye tsiku likutalika, ndi timamilisekondi pafupifupi 2 pa zaka 100 (sekondi imodzi ili ndi timamilisekondi 1,000). Kwa munthu wolima mtedza palibe chimene angamve. Koma miyala yakale ya makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere, ili ndi timizere ta tsiku ndi tsiku, ndipo wasayansi wina dzina lake John Wells atawerenga mu 1963 anapeza kuti zaka pafupifupi 380 miliyoni zapitazo chaka chinali ndi masiku ngati 400, masiku afupiafupi. Ine pamenepa mpamene ndimaima kaye, mwala kusunga kalendala!

Mweziwo buleki yomweyi inaugwira kalekale, n'chifukwa chake umatiwonetsa nkhope imodzimodzi, kalulu wa pamwezi uja amene agogo anawona ali mtsikana ndi yemweyo tikuwona ife.

Komatu si mwezi uliwonse umathawa. Mars, dziko lina lozungulira dzuwa, ili ndi kamwezi kotchedwa Phobos kamene kamazungulira m'maola osakwana 8, kuthamanga kuposa Mars mwiniwake amene tsiku lake ndi maola 24 ndi mphindi 37. Kumeneko chulu chimene kamweziko kamatukumula pa nthaka ya Mars chimatsalira m'mbuyo, ndiye m'malo mokankhidwa kakukokedwera pansi, mamita ngati 2 pa zaka 100, ndipo zaka mamiliyoni makumi angapo zikubwerazi kadzaphwanyika.

Chimene chimandikhudza ine ndi kadamsana. Ndimakumbukira wa pa 21 June 2001, ku Lusaka kunada bii masana, kuno kwathu dzuwa linatsala kachidutswa, kunja kukuzizira, tonse maso m'mwamba. Mwezi umatha kuphimba dzuwa lonse chifukwa pakadali pano ukawayang'ana kukula kwake n'kofanana. Ukapitiriza kutalikira udzachepa, ndipo zaka mamiliyoni mazana angapo kutsogoloku kadamsana wa mdima weniweni sadzakhalaponso.

Agogo anamvetsera zonsezi manja ali pachimanga, kenako anafunsa kuti chiyambire azungu aja kupondako, wasuntha bwanji? Tinawerengera pafoni ndi kamphwanga, kunatuluka mamita awiri ndi pang'ono. Ndinawaloza mphasa imene tinakhalapo, kuyambira uku kufika uko. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali ndithu, kenako anati tiwapatsire dengu lina.